Nsapato za Malichero

Lolemba, 19 Juni

Kwazizira. Zala zikukana cholembera koma ndilemba ndithu. Ndikapanda kulemba ndimaiwala, ndipo woiwala ndi amene amapeza ngozi.

Kalata ya Esinati, mwana wathu wa ku Blantyre, ndaiwerenga kachinayi. Akuti Lolemba likudzali abwera kudzatenga amayi ake, akakhale kwa iye podikira madokotala a maso. Ng'ala zija zakula. Diso lamanzere linatha kale. Lamanja akuti likuona ngati munthu wosuzumira pa nsalu yonyowa. Kuti akakonza kapena sakakonza palibe akudziwa. Pamapeto walemba kuti, "Musadandaule bambo." Mwana ameneyu amandidziwa bwino, koma amalembabe choncho.

Ndiye m'mawa uno Anangozo, akazi anga, ali kuothera dzuwa pakhonde, angoti: "Ndisanapite ndikufuna ndikaone Shire pamwamba pa Kamtambo."

Kamtambo! Phiri limene ndakhala m'munsi mwake zaka zonsezi osalikwera ngakhale tsiku limodzi. Iwo ankalikwera ali mtsikana, kukatola masuku. Amati ukaima pa mwala wapamwamba, Shire amaoneka kutali uko ngati waya wonyezimira. Akuti chinthu chowala diso lotsalali likumachigwirabe. Akuti nyengo yake ndi ino, utsi wa lupsa usanatseke mlengalenga.

Ndavomera. Pakamwa pavomera pokha, mtima sunafunsidwe.

Zimene zingatiphe kuphiri:
1. Chisanu
2. Njoka (akuti nyengo yozizira zimagona. Nanga ina ikakhala ya tulo tochepa ngati ine?)
3. Anyani
4. Kuterereka
5. Kusochera
6. Chisanu kachiwiri

Anangozo akuti tipite mawa. Mawa! Osakonzeka! Ndawauza kuti Lachitatu.

Lachiwiri, 20 Juni

Dzuwa labwino, kumwamba kulibe mtambo. Ndapita pa Boma kukafuna masokosi kwa a Jafali, amene amagulitsa kaunjika pakhonde la sitolo yawo.

Ndikanangogula masokosi n'kubwerera! Koma maso anga agwera pa kalendala yakale pakhoma. Mwamuna ndi mkazi, azungu, ali paphiri. Pansi ponse mbee, ngati wina wakhuthula ufa woyera dziko lonse. Kumapazi avala zinthu zazikulu, zolukaluka. Malichero enieni!

A Jafali anayendapo kunja ali mnyamata, zinthu amazidziwa. Akuti imeneyo ndi nkhalango ya boma ya kwawoko, yosungirako nyama, ndipo anthu amapitako dala nyengo yozizira kukangoyenda. Akuti, "Achimwene, kumeneko kuzizira kumachita kugwa kuchokera kumwamba, mpaka m'mawondo. Wopanda nsapato izi amamira ali chiimire."

Ndafunsa ngati pa Kamtambo pamagwanso zotere. Akuti, "Ine ndine wa sitolo, phiri ndimalionera pakhomo."

Sanati ayi. Ndalemba: sanati ayi.

Komanso olima kachewere ku Dambe amanena okha kuti mwezi uno chisanu chimayeretsa minda mbandakucha, masamba n'kupsa. Ngati m'munda chimafika pa masamba, pamwamba pa phiri chimafika pati? Sukulu ndinalekera Sitandade 3 koma masamu amenewa ndi osavuta. M'mawondo.

Azungu a pa chithunzi akuseka. Akuseka chifukwa anakonzeka.

Kalendala a Jafali andipatsa, akuti chaka chake chinatha kale. Ndagulanso:
masokosi anayi (awiri ofanana, awiri achibale chabe)
chipewa chaubweya
thalauza la Anangozo, poti masiku ano a matipate akazi akuloledwa

Kunyumba Anangozo alitenga thalauzalo, aliyandikiza ku diso lamanja, alitembenuza. "Ili ndi la ndani? Mwatenga mitala?" Ndafotokoza za ufulu. Akuti, "Ufuluwo ndinaumva pa wailesi, koma m'chiuno mwanga sunafike."

Kalendala sanathe kuiona bwino. Akuti akuona zoyera zokhazokha ndi timadontho tiwiri. Ndawauza kuti timadonthoto ndi ife.

Lachitatu, 21 Juni

Sitipita lero. Nsapato sizinathe.

Mapazi ndi anayi. Malichero m'nyumba muno ndi atatu. La phazi lachinayi ndadula tsinde la dengu lakale. Ili ndivala ine kumanzere, lakuya pang'ono koma palibe kanthu.

Kapangidwe, kuti wina adzaphunzirepo:
kubowola mabowo anayi ndi msomali wamoto
kudula malegeni ku chubu chakale cha njinga
kuponda pakati, kumanga kolimba
kupemphera

Masana. Ndikuyesa kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone. Miyendo iyenera kutangadza ngati munthu wa chithupsa. Lichero lina likuponda linzake. Ndapita masitepe asanu ndi awiri.

Chimene sindinaganize ndi nkhuku. Nkhuku za pano zikaona lichero zimadziwa kuti kukubwera misere. Zonse khumi ndi imodzi, ndi tambala yemwe, zili pambuyo panga, zina zikujompha pakati pa zala. Ndathawa. Pa malichero sathawa. Ndagwa chagada pafupi ndi khola.

Anangozo ali pakhonde: "Kodi ng'ombe ya ndani ikuponda mphasa kuseriko?"

Kenako: "Bambo a Esinati, malichero anga ali kuti?"

Ndabwera nawo ali kumapazi. Awerama, apapasa ndi manja, apeza malegeni, apeza mabowo, apeza phazi langa. Ndimati akalipa, pajatu lina ndi latsopano. Koma aseka! Aseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola. Sindinawamve akuseka chotero chiyambire kalata ija.

Atatha akuti, "Anuwo valani. Ine mapazi anga ndiwo maso anga masiku ano. Mukawatsekera m'lichero ndiyenda ndi chiyani?"

Sakumvetsa za chisanu. Ndiwanyamulira, akachiona okha avala.

Chifuwa chija chikundidetsa nkhawa. Atsokomola katatu. Ndawaphikira mandimu. Akuti chifuwacho ndi cha kuseka. Ndani akudziwa?

Lero linalinso la dzuwa.

Lachinayi, 22 Juni

Ndadzuka ndi ganizo loopsa. Kamtambo ali m'nkhalango ya boma! Tikakumana ndi a gadi tilibe chikalata? Anangozo akapite ku Blantyre atamangidwapo?

Akuti, "Ine ndinkakwera popanda pepala." Ndati nthawi imeneyo inali ina. Ndawauza kuti adikire, ndibwera msanga, tikanyamuka chakumasana.

Nyumba ya a gadi ili kutsidya la dambo. Ndawapeza kulibe, apita kumaliro. Ndadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka.

Atabwera atulutsa buku la malisiti.
"Mukatenga chiyani, nkhuni?"
Ayi.
"Nsungwi? Udzu?"
Ayi, tikungofuna kukaona.
"Kukaona chiyani?"
Shire.
"Mukamutenga?"

Avundukula buku lonse. Akuti la kuona mulibemo. Chiyambire ntchito sanalandirepo munthu wopempha chilolezo chongoyenda. Akuti, "Bambo, pitani, maso salipitsa." Ndati popanda pepala mtima wanga sungakhale pansi. Apuma mpweya wautali, alemba: nkhuni, mtolo umodzi, wosenza pamutu.

Tsopano ndili ndi pepala. Koma pepalalo likunena nkhuni. Tikatsika opanda nkhuni ndiye kuti ndanamiza boma. Nkhawa imodzi yachoka, ina yakhala pampando wake.

Afunsa ngati ndi zoona kuti ndikuweta nkhuku ndi mapazi. Nkhani yafika kale kutsidya la dambo!

Madzulo. Ndapeza Anangozo ali pakhonde pomwe ndinawasiya. Nsapato zawo za pulasitiki avala, ndodo ili pamiyendo, mpango amanga. Nkhope yaloza kuphiri. Akhala choncho kuyambira m'mawa.

Angovula nsapato n'kulowa m'nyumba.

Ndikanakonda akanandikalipira.

Kumwamba kunali koyera tsiku lonse, koyera ngati mbale yotsuka. Mawa ndithu. Mawa, zivute zitani.

Lachisanu, 23 Juni

Chiperoni!

Mvula yowaza, yopyapyala, yosamveka padenga koma yonyowetsa mpaka m'mafupa. Phiri kulibe. Ngakhale mtengo wa manachesi wa kumapeto kwa bwalo ukuoneka theka.

Lachiwiri kunali dzuwa. Lachitatu dzuwa. Lachinayi dzuwa. Palibe wandiuza zimenezi, ndikudziuza ndekha, kambirimbiri.

Poti palibe chochita, ndalongedza:
mbatata yootcha
manachesi khumi
tiyi m'botolo, lokulunga m'sokosi yachibale ija
machesi, m'pepala la shuga kuti asanyowe
machesi ena, ngati oyambawo anyowa
chikwanje
bulangete
chingwe
mchere (sindikudziwa chifukwa, koma ulendo wopanda mchere?)
belu la njinga, loopsezera anyani
pepala la a gadi
kalendala, kuti tikaone ngati tikuchita bwino

Ndayesa kunyamula thumbalo. Ndachotsa mchere. Silinapepuke. Ndabwezera.

Masana ndaona chinthu. Anangozo apita kuchitsime m'chifunga chomwechi. Ndawatsatira chapatali kuopa angagwe. Sanapunthwe ngakhale kamodzi. Pa muzu uja wa mkuyu akweza phazi asanafike. Pokhota akhota. Amene wapunthwa pa muzuwo ndine.

Osatembenuka akuti, "Mwavulala?" Ndimayesa sakudziwa kuti ndilipo.

Pobwerera andinyamulitsa ndowa ya m'manja, akuti poti ndabwera kale. Tili m'njira akuti, "Mawa tipita, kaya kucha bwanji. Lamulungu ndi la tchalitchi ndi kutsanzika anthu. Latsala ndi mawa lokha."

Ndayamba kunena za chifunga. Akuti, "Bambo a Esinati." Basi, dzina lokhalo. Ndatseka pakamwa.

Mwina pamwamba pakakhala poyera. Anthu amati nthawi zina chifunga chimathera pakati, nsonga ili padzuwa. Ambuye, chikathere pakati.

Loweruka, 24 Juni

Madzulo. Tabwerako. Tili moyo tonse awiri. Ndilemba mwadongosolo ngakhale phazi likugunda ngati ng'oma.

Tanyamuka kutangocha. Chifunga chilipobe koma chapepuka. Anangozo atuluka m'nyumba, pansi pa chitenje pakuoneka miyendo ya thalauza! Akuti, "Mukauza munthu, ndikakusiyani kuphiri." Malichero awo awiri asanjikiza, aikamo manachesi, asenza pamutu. Akuti lichero malo ake ndi amenewo.

Ine anga ndavalira kumapeto kwa minda, kumene nkhuku sizifika.

Poyamba zikuyenda. Pa udzu wonyowa lichero limatsetsereka bwino, vuto ndi lakuti limatsetserekera kumunsi. Masitepe atatu kukwera, awiri kubwerera. Anangozo ali patsogolo ndi ndodo, akundidikira pa mtengo uliwonse. "Chisanu chanu chafika m'mawondo?" Ayi. Matope okha.

Anyani sitinawaone. Belu ndaliza ndithu, mwina n'chifukwa chake.

Tadutsa mitengo ya masuku. Aigwira makungwa, akuti iyi inali ing'onoing'ono. Akuyenda ngati mtsikana. Ine thukuta, thumba likundikoka, malegeni akudula akakolo.

Pa miyala ndi pamene zathera. Lichero lakumanja lathyoka pakati, phwa! Tsinde la dengu lalowa pakati pa miyala iwiri n'kukana kutuluka. Thupi lapita, phazi latsala. Ndamva kuti khwi! m'kakolo.

Ndakhala pansi. Anangozo amasula malegeni ndi zala zawo, apapasa fupa, akuti silinathyoke, labinya chabe. Ndafunsa ngati tayandikira pamwamba. Akuti apa ndi pamene ankapumira koyamba. Koyamba! Ndiye kuti ngakhale theka sitinafike.

Kenako chifunga chatsika. Osati chija cha kumudzi. Ichi chenicheni. Mitengo yasowa, miyala yasowa, njira yasowa. Ndatambasula dzanja, zala zikuoneka ngati za munthu wina. Zonse zisanu ndi chimodzi za Lolemba zandibwerera pamodzi. Ndayamba kufuula kuti tasochera, tifera pano, Esinati adzapeza nyumba yokha.

Anangozo akhala pamwala pafupi nane. Ndikumva fungo la nachesi, akusenda.

"Mukuona chiyani?"
Palibe! Koyera kokhakokha, uku ndi uku!
"Zinthu zikuoneka ngati zili kuseri kwa nsalu?"
Eya!
"Eya. Takulandirani kwathu. Khalani pansi, alendo sayima."

Andipatsa theka la nachesi.

Chaka chathunthu akhala akundiuza za nsalu yonyowayo. Ine ndimangothamanga ndi mandimu, ndi mafunso, ndi kuchotsa miyala pabwalo. Sindinafunsepo kuti mkatimo mumakhala bwanji. Mumakhala chete kwambiri. Ndalira pang'ono. Ndanena kuti ndi phazi.

Agwira mutu wanga ndi manja awiri, autembenuzira kumanzere. "Shire ali uko. Dzuwa likamuwalira amachita ngati wina wagwetsa singano pa mphasa." Tayang'ana tonse awiri kumene kulibe kanthu. Tayang'ana nthawi yaitali ndithu. Tamwa tiyi. Mbatata tadya ndi mchere uja.

Potsika akuti, "Gwirani nsonga ya chitenje. Musayang'ane, maso akunamizani. Mverani mtsinje, ukhale kudzanja lamanja." Ndodo andipatsa ine. Iwo akufufuza njira ndi mapazi. "Apa muzu." "Apa tsikani chammbali." "Apa poterera, khalani pansi mutsetsereke, ulemu mukautenga kunyumba." Ndatsata ngati mbuzi ya pachingwe. Sanaphonye ngakhale pamodzi.

Kumapeto kwa nkhalango ndakumbuka pepala. Nkhuni! Akuti, "Mayo ine, mwamuna uyu." Atenga zidutswa za lichero ndi tsinde la dengu, amanga ndi chingwe, andisenzetsa pamutu. "Nawu mtolo wa boma."

Chisanu cha m'mawondo sitinachione. Kalendala yanyowa, azungu aja amatirirana.

Shire sanamuone. Chifukwa cha ine.

Lamulungu, 25 Juni

Kwacha koyera. Koyera! Kamtambo ali apo ngati ungamugwire ndi dzanja, mwala wapamwamba ukuwala. Phiri lopanda manyazi.

Kakolo watupa ngati dzungu. Kutchalitchi sindinapite. Anangozo apita okha, atsanzika anzawo, abwera ndi nkhani yakuti amayi a chigwirizano akufunsa ngati ndikulandira maoda a nsapato.

Chikwama chawo chatsekedwa kale, chili pakhomo. Thalauza alowetsamo. Ndaona.

Masana takhala pakhonde, phazi langa m'beseni la madzi ofunda. Ndawapepesa za masiku atatu a dzuwa aja. Ndinakonza mawu ambiri koma atuluka ochepa.

Akuti, "Ndinakwiya Lachinayi. Lachisanu ndinakwiyabe pang'ono." Kenako akuti, "Koma zaka makumi atatu ndakhala ndikukupemphani kuti tikwere phiri lija. Dzulo mwakwera. Pa malichero, koma mwakwera."

Ndati madokotala akakonza, Juni wa chaka chamawa tidzapita tsiku loyamba la dzuwa, opanda thumba. Akuti, "Akakonza." Ndati nanga akapanda kukonza? Akuti, "Ndiye mudzandigwira dzanja, mukaone inu, muzikandiuza. Koma muyambe kuphunzira, chifukwa inu kufotokoza kwanu ndi ngozi zokhazokha."

Malichero awo awiri atsala, ali ndi mabowo anayi lililonse. Akuti ndiwatseke ndi luzi asanabwere, ndipo ndisawavale.

Ndatsegula tsamba latsopano, ndalemba pamwamba: Zimene zingachitike pa msewu wa ku Blantyre. Ndafika pa nambala 2. Amva cholembera. "Mukulemba zotipha?" Ndavomera. Akuti, "Tembenuzani tsamba. Lembani zimene zikuoneka kuphiri, mundiwerengere."

Ndayesa.
1. Mwala wapamwamba, mbali imodzi yowala, ina yakuda
2. Mitengo ya masuku, yobiriwira kuposa inzake
3. Kamtambo kamodzi kakang'ono, kakukanda nsonga (si ka mvula, ndakayang'anitsitsa)
4. Akhwangwala awiri akuzungulira
5. Pamene tinakhala dzulo. Ndi pafupi kwambiri, ndachita manyazi
6. Njira yathu, yopyapyala, ikulowa m'mitengo

Akuti nambala 3 ndichotse za mvulazo, zina zonse zili bwino. Akuti ndiwerengenso, pang'onopang'ono. Ndawerenga kawiri. Atseka maso onse awiri pomvera.

Afunsa ngati pali nambala 7.

7. Shire kuchokera pakhonde pano saoneka. Ali kuseri. Ndawauza kuti akudikira.